Paipi yanga ndi manachesi a pamalire

Lolemba
Pampu ya sola yafika! Kwathu kuno ku Dambe aliyense akundipatsa moni wa manja awiri. Vuto ndi limodzi: kuti madzi afike kudimba langa la kachewere, paipi iyenera kudutsa m'munda mwa a Bizaliele ndi mwa a Nachisale. Awiriwa salankhulana, akulimbirana mtengo wa manachesi umene uli pamalire. Pa wailesi akuti maiko otukuka kumene satenga mbali, amagwirizana ndi aliyense. Inenso basi!

Lachiwiri
Mfundo zanga: kuseka ndi onse, kuwathiririra ndiwo onse, osatchula mtengo. Onse alola paipi. Nzeru ngati izi sindikudziwa ndinazitenga kuti.

Lachitatu
A Bizaliele abwera ndi manachesi m'chipewa. "Idyani, ndi a mumtengo mwanga." Ndathokoza, ndadya. Kutsekemera kwake!

Lachinayi
A Nachisale nawonso, atamanga pansalu. "A mumtengo wa malemu mayi anga awa." Ndathokoza, ndadya. Kusakondera kumakoma. Mkazi wanga akuti, "Inu, mukathokoza munthu pa chipatso, si ndiye mwavomera kuti mtengo ndi wake?" Iyeyu samvera wailesi.

Lachisanu
Kalanga ine! A Bizaliele akulengeza kuchigayo kuti ndine mboni yawo. A Nachisale akuuza amayi a kwaya zomwezo. Aliyense akuti ndikamukana, paipi ichoke. Mantha andigwira, kachewere wangoyamba kumene maluwa. Koma ndaganiza: mawa ndithirira mtengowo, onse aone kuti ndimawakonda mofanana.

Loweruka
Ndathirira mpaka madzi kuchita dziwe. Ndikucheuka, onse awiri aima phewa ndi phewa! A Nachisale: "Mtengo wa eni mukuuthirira ngati ndani? Mukuufuna eti?" A Bizaliele: "Ndimadziwa ine, achemwali. Lero mtengo, mawa munda." Achemwali! Dzulo lomweli amawatchula dzina loti sindingalembe muno.

Lamulungu
Ndadzuka, paipi yanga ili pakhonde, yokulungidwa bwinobwino. Kutchalitchi awiri aja akhala moyandikana, agwirizana kuti zipatso azigawana. Abusa ayamika Mulungu pobweretsa mtendere pamalire, mpingo wonse m'manja phwaphwaphwa. Nanenso ndawomba, nditani nanga? Pampu ili gone kuchipinda, yatsopano nyezinyezi. Kachewere akufota. Mkazi wanga wangondipatsa ndowa yaikulu yotungira madzi.