Tsiku Limene Ndinasowa Pothirira Petulo

Mpaka lero Mervis, mwana wa mlongo wanga, akandiona amayamba kuseka asanandipatse moni. Ndimamulekerera, chifukwa amadziwa zimene anthu ena sadziwa.

Ine ndine dalaivala wa minibasi, ndipo pankhani ya injini sindifuna kuuzidwa. Ndiye ukwati wa Mervis utayandikira, ndinalumbira kuti sapita kutchalitchi ku Mpanshya pa minibasi ngati thumba la chimanga. Ndinakabwereka galimoto ya ba Chitambala a ku Chinyunyu, yachiamereka ya 1956, yaitali ngati ngalawa, yobiriwira pansi, yoyera pamwamba. Chiwongolero chili kumanzere, giya ili pambali pa chiwongolerocho, mpando wakutsogolo ndi benchi yokwana anthu atatu.

Ba Chitambala anayamba kundiphunzitsa. "Mumvetsetse. Ya 55 ndi ina, ya 57 ndi ina. Iyi ya 56 ili ndi kachinsinsi kake..."

"Ba Chitambala, motoka ni motoka," ndinawadula. (Pakamwa pangapa, abale.)

Anangoti, "Chabwino," n'kundipatsa makiyi.

M'mawa wa ukwati Mervis anakwera ndi diresi lake loyera, azimayi akululutira. Ndinakoka giya monyadira, galimoto n'kubwerera chambuyo mpaka kukagunda khola la mbuzi. Ndinauza anthu kuti ndimayesa mabuleki.

Pamsewu waukulu zinayenda bwino. Injini ya masilinda eyiti ija imalira ngati mkango wokhuta, anthu ogulitsa makala akuimirira kutiyang'ana. Koma mkango umadya. Titangokhotera njira ya ku mishoni, inatsokomola kawiri n'kuzima.

"Osadandaula, chigubu cha petulo chilipo," ndinatero.

Ndinatsika, n'kupita kumbali yakumanzere. Panalibe chitseko cha thanki. Kumanja, palibe. Ndinatsegula buti, ndinatsegula boneti, ndinakwawira pansi ndi suti yanga yatsopano. Thanki ndikuiona ndi maso, koma pakamwa pake palibe. Foni ya ba Chitambala sinkapezeka.

Apa n'kuti anthu a njinga atatizungulira. Bambo wina wonyamula nkhuku anati, "Kapena za ku Amerika sizimwa petulo."

Mervis anatulutsa mutu pawindo. "Amalume, abambo mfumu anati teni koloko ikakwana ayamba misa, ine ndilipo kapena kulibe. Nikwele njinga?"

Mkwatibwi pa keliyala ya njinga, chifukwa cha ine! Ndinatsamira kumbuyo kwa galimoto, dzanja langa n'kugwira kachitsulo konyezimira pamwamba pa getsi lakumanzere. Kanatembenuka. Getsi lonse linagwera kunja, lende!

Ndinati basi, ndathyola galimoto ya mwini. Koma poyang'anitsitsa, kuseri kwa getsilo kunali chivindikiro cha thanki, chili phee, ngati chakhala chikundidikira.

Ndinakonza tayi, n'kutembenukira gulu lija. "Mwaona? Ya 56 imeneyo. Nenze kufuna nione ngati pali wodziwa pano."

Anthu anaomba m'manja. Bambo wa nkhuku uja anandigwira chanza kawiri.

Tinalowa pamishoni belu likulira, hutala ndikuiimba, fumbi lili kobo. Kwaya inasiya nyimbo pakati, anamwino anatuluka m'chipatala kudzaona, ngakhale abambo mfumu anaizungulira galimotoyo asanalowe m'tchalitchi. Mkwati anachita kuiwala kutseka pakamwa. Paphwando nkhani inali ya malume wodziwa magalimoto a ku Amerika, ndipo ine ndinafotokozera aliyense za getsi lija ngati ndinalipanga ndekha.

Pobweza galimoto, ba Chitambala anayang'ana mawondo a suti yanga, ofiira ndi dothi.

"Petulo munathira bwino?"

"Popanda vuto."

"Mukudziwa kuti tayala lapadera limachoka bwanji? Mubwere ndikuonetseni."

Ndinayenera kukhala pansi n'kumvetsera, ndikudziwa. Koma ndinamva pakamwa panga pakuyankha pokha kuti, "Aaa, zimenezo ndiye zosavuta."