Esinta Wosaiwala Tambala

Nkhani iyi ndinalumbira kuti sindidzaiulula, koma poti pa Nsaru aliyense akuifotokoza mokhotetsa, bola manyazi anga ndiwayale ndekha mwadongosolo.

Ine ndine Kamwendo, ndimagulitsa nkhuku za lokolo. Sukulu ndinasiyira panjira, koma msika unandiphunzitsa kanthu kamodzi: munthu sagula nkhuku, amagula chimene mnzake akuchifuna. Ukaima wekha ndi dengu, anthu amakudutsa ngati chitsa. Pakangoima awiri n'kumalimbirana tambala, wachitatu amatulutsa ndalama asanafunse n'komwe mtengo.

Nditagula foni yatachi, ndinatsegula peji pa intaneti: Nkhuku za Kamwendo. Ndinajambula misoti, atambala, ngakhale thadzi lina lokalamba ndinalijambulira kumbali kuti lioneke lachitsikana. Panatha sabata ziwiri. Layiki inali imodzi, nayonso yanga yomwe.

Ndinakhala pansi n'kuganiza. Vuto silinali nkhuku. Vuto linali lakuti padengu panalibe munthu. Ndiye ngati munthu palibe, bwanji osamuumba?

Ndinagula simu yachiwiri n'kutsegula akaunti ina. Dzina: Esinta wa ku Area 25. Pachithunzi ndinaikapo duwa lofiira. Ndinasankha mayi wa m'tauni chifukwa kwathu kuno mawu a munthu wa m'tauni amalemera ngakhale akunena zopanda mutu.

Esinta anayamba ntchito tsiku lomwelo.

“Wow, a Kamwendo, nkhuku zanu ndi zonona!”

Ine n'kusintha akaunti, n'kudziyankha mwaulemu: “Zikomo mayi, takulandirani.”

Mawa lake Esinta analembanso: “Tambala wanu uja sindikumuiwala mpaka lero. Ndibweranso Loweruka.”

Anthu anayambadi kuima padengu. Maoda anabwera kuchokera ku Mpingu, ku Namitete, ena m'tauni mwenimwenimo. Ndinkayenda pamsika ngati munthu amene watulukira magetsi.

Chimene sindinachiganizire ndi azibambo. Inibokosi ya Esinta inadzaza! Munthu sanaone nkhope, waona duwa lokha, koma akuti “ndakulota.” Ndinaphunzirapo kuti mwamuna safuna umboni wambiri. Poti wamalonda sataya kasitomala, aliyense ndinkamuyankha chimodzimodzi: “Mukafuna kundisangalatsa, ndigulireni nkhuku kwa a Kamwendo.”

Ambiri anathawa. Analimba mtima ndi mmodzi, wodzitcha Mkango wa ku Kabudula, pachithunzi pali mkango weniweni woyasamula. Analipira nkhuku zitatu pafoni, n'kundilembera ine Kamwendo kuti ndikamupatse Esinta. Ndinamupatsadi: nkhukuzo zinachoka kumanja kwa khola n'kupita kumanzere.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Mkango ankafunsa: “Wadzuka bwanji, duwa langa?”

Esinta, ndi zala zanga zonunkha zitosizi: “Ndadzuka, dadi.”

Lachinayi lina mkazi wanga Naphiri anabwera kuchokera ku mphakati osamwetulira.

“Bambo a Tadala, Esinta ndani?”

“Kasitomala.”

“Kasitomala wosaiwala tambala wanu? Azimayi andiwerengera lero pagulu! Wina mpaka wawerenga kawiri kuti ndimvetse bwino!”

“Ndi nkhani ya nkhuku basi, mayi.”

“Akuti amabwera Loweruka. Ine Loweruka ndimakhala nanu pamsika. Nanga amabwerera kuti, eti?”

Apa mpamene ndikananena zoona. Koma munthu wozolowera kunenerera satchula msanga mtengo womaliza. Ndinati, “Timakumana kwina.”

Kamwa langa ili!

Pomwe ndinkabwera kothirira nkhuku madzi, chikwama changa chinali pakhonde. Ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, khola ndinamanga ndine, koma dothi ndi la kwawo kwa Naphiri. Ndinaona kuti mkazi amene kulibe akundichotsera mkazi amene alipo, ndi khola lomwe.

Lamulungu masana ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. Kumbali yanga kunali achimwene anga, amene anangobwera kudzaweramitsa mutu. Kumbali ya Naphiri kunali malume ake, a Lufeyo, bambo aulemu wawo, ovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

“Akamwini,” anayamba a Lufeyo, “mafoni anuwa akupasula mabanja. Mwamuna wanzeru sacheza ndi akazi osawadziwa. Ife kale tinkaopa zimenezo.”

Panali mitengo iwiri yokha: kukhala wachimasomaso kapena kukhala wabodza pamalonda. Ndinasankha wotchipirako.

“A malume, Esinta kulibe. Esinta ndine.”

“Hee!” anatero Naphiri. “Bodza ili ndiye mwalisakira kutali!”

Ndinatsegula akaunti ija n'kumupatsa foni. Anayang'ana duwa, anayang'ana ndevu zanga, n'kulowa mu inibokosi.

“Nanga Mkango uyu wakuti duwa langa, ndi ndani?”

“Sindimudziwa. Anangogula nkhuku zitatu.”

“Timuimbire. Kapena iyeyu akumudziwa Esinta weniweni.”

A Lufeyo anatsokomola. “Ayi, Naphiri, zisiye. Tisavutitse anthu a eni Lamulungu.”

Koma chala chinali chitadina kale.

M'thumba la jekete la a Lufeyo munayamba kuimba kwaya.

Kwaya inamaliza ndime yoyamba n'kulowa yachiwiri. Achimwene anga, amene tsiku lonse sanadzutse mutu, anaudzutsa. Naphiri anadula foni, kwaya inaleka. Anaimbanso, kwaya inayambanso.

“Ndi alamu,” anatero a Lufeyo, akuyang'ana mango.

Mlandu unatha mofulumira kuposa mlandu uliwonse umene ndinauonapo. “Apa nkhani palibe,” anagamula a Lufeyo. “Chikwama chilowe m'nyumba. Ndipo zimene zayankhulidwa pano zithere pano.”

Powaperekeza panjinga yawo, anandikokera pambali.

“Akamwini, ndiye dadi uja munkalemba ndinu? Ndi ndevu zanuzi?”

“Ndi malonda, a malume.”

“Miyezi iwiri!”

Tili pomwepo, Naphiri anatuluka kukhola atanyamula nkhuku zitatu zomanga miyendo. Anagwada mwaulemu wonse, misozi ya phwete ikuyenderera, n'kuzimangirira pakaliyala.

“A malume, Esinta akuti zikomo kwambiri, koma ndi wapabanja.”

Zothera pano zija sizinathere pano. Achimwene anga ali ndi pakamwa. Lero nkhuku zikuyenda bwino kuposa kale, chifukwa anthu amabwera kudzaona nkhope ya duwa lija. Ndikangotsika njinga pamsika, akabaza amakuwa: “Esinta wafika! Wadzuka bwanji, duwa langa?” Ine ndimangoyankha kuti ndadzuka, n'kuwatchulira mtengo.

Ndinaphunzirapo ichi: ukafuna kuumba kasitomala wabodza, uumbe nkhalamba yopanda mano, ndipo izigula mazira okha.