Chikole cha Foni ya Amayi

Mpaka lero ndikamva mawu akuti chikole, ndimasintha nkhani msanga. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa, koma poti kumudzi kwathu ngakhale ana obadwa dzana amaidziwa, bola ndiikambe ndekha, mwina n'kudzichepetserako manyazi apa ndi apo.

Ndinali mtsikana wa zaka 17, nditangolemba mayeso a Fomu 4. Amene munadikirapo zotsatira mukudziwa mmene masiku amatalikira: kusesa, kutunga madzi, kusesanso pomwe wasesa kale. Ndiye Lolemba lina ndili pamsika wa pa Kamwendo ndinakumana ndi Tadala, mnzanga wa m'kalasi, atavala tisheti yachikasu, chikwama paphewa, akuyenda ngati wa ku banki.

"Iwe, ukungokhala?" anandifunsa. "Anzako tinayamba ntchito. Safuna satifiketi, safuna chilichonse. Amangofuna munthu wa masomphenya."

Masomphenya ndinali nawo ambiri (makamaka a nsapato zina zimene ndinaziona pa kaunjika), choncho ndinamutsatira osafunsa zambiri.

Ofesi yake inali kachipinda kuseri kwa shopu ya zipangizo za njinga. Munali mabenchi awiri, tebulo la dilowa imodzi, ndi achinyamata opitirira khumi, tonse amsinkhu umodzi. Kutsogolo kunaima bambo wa suti yonyezimira, amene aliyense ankamuitana kuti a Kochi. Anatiimiritsa, ife n'kumawomba m'manja tikukuwa kuti, "Ndine bwana! Ndine bwana!" Ndinakuwa nawo, abale, mpaka mawu kusasa, bwana wopanda ngakhale ya kabaza yobwererera kunyumba.

Katundu wake anali tiyi woondetsa, woti tizigulitsa khomo ndi khomo. A Kochi anati ku Lilongwe anthu akuchita kulimbirana. Anati ukagulitsa bwino umakhala wa Siliva, kenako wa Golide, ndipo ukafika pa Dayamondi kampani imakupatsa galimoto. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za pomwe tizidzaimika galimotoyo, chifukwa pakhomo pathu mtengo wa mango uli pakati penipeni.

Kenako anatsitsa mawu. "Koma katundu wa kampani satuluka chabe. Aliyense amasiya chikole. Ukamaliza mapaketi makumi awiri pofika Lachisanu, chikole chako utenga. Ukalephera, chakhala cha kampani."

Apa ndi pomwe ndimafuna ndikanakhala kuti ndinapunthwa n'kuthyoka chala. M'thumba mwanga munali foni ya amayi. Foni imeneyi anawatumizira achimwene anga a ku Joni, ndipo Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankaimba ya vidiyo, amayi n'kumaona kamdzukulu kawo komwe sanakanyamulepo. Sabata imeneyo amayi anali kwa Mavwere, kukathandiza mng'ono wawo amene anali atangobereka. Kumeneko kulibe potchajira, ndiye anandisiyira foni kuti ndisunge mpaka adzabwere Loweruka. Kusunga kwake ndi kumeneko: ndinaiyika patebulo, ndinasaina kapepala osawerenga, a Kochi anaiponya m'dilowa n'kukiya. Ine anandipatsa tisheti yachikasu ndi chikwama cha tiyi.

Mmene kiyi inkati khete, mtima wanga unagunda kamodzi mwamphamvu. Ndinauuza kuti ukhale chete, ndine bwana.

Lachiwiri ndinayamba ndi mayi wina wogulitsa mandasi pafupi ndi chigayo. A Kochi anatiphunzitsa kuti kasitomala umayamba wamuonetsa vuto lake. Ndiye ndinakoka mpweya n'kunena kuti, "Mayi, koma mwanenepatu kwambiri."

Nkhope yawo inawala. "Zikomo mwanawe! Ndi chisomo cha Mulungu, chaka chino mtedza unatikomera." Anandininkha ndasi limodzi laulere.

Nditafotokoza kuti tiyiyu awachotsa thupi lonselo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndionde? Kuti anthu aziti ndikudwala? Aziti amuna anga sakundidyetsa? Wakutuma ndani iwe?" Ndasi lija analanda ndisanalume.

Lachitatu ndinati ndiyese madalaivala a mathiraki opita kuboda, poti iwo ndiye ali ndi mimba komanso ndalama. Wina ndinamupeza akudya tchipisi pachiwaya. Anamvetsera mpaka kumapeto, akutafuna, kenako anasisita mimba yake mwachikondi. "Mwana iwe, mimba iyi ndaimanga zaka khumi, Chipata, Lusaka, Beira. Iwe ufuna uigwetse ndi tiyi?" Pachiwaya ponse anafa nacho chiseko.

Ndinazungulira midzi mpaka kulowera kwa Zulu, fumbi mpaka m'maondo, agalu akundiperekeza. Ndikati, "Kodi mukufuna kusintha moyo wanu?" anthu ankayankha kuti ali kale ndi mpingo wawo. Pofika madzulo ndinali nditagulitsa paketi imodzi, kwa agogo ena osamva bwinobwino amene ankayesa ndi masamba a tiyi wamba (Mulungu andikhululukire, anali oonda kale).

Chakudya sichinkalowanso. Ndikangotseka maso ndinkaona dilowa ija. Ndinathamangira kwa Tadala kuti andiuze chinsinsi chake, koma iye anangoyang'ana pansi. "Ine ndagulitsa awiri basi," anatero. "Wailesi ya adadi ili m'dilowa momwemo. A Kochi anati ndikabweretsa munthu watsopano andiwonjezera sabata." Munthu watsopanoyo ndinali ine. Ndinafuna kumuluma khutu, koma mphamvu ndinalibe.

Ndiye Lachinayi masana, ndili pakhonde ndikuganiza zothawira ku Zambia wapansi, ndinangomva belu la njinga. Kutukula maso, amayi akutsika pa kabaza, masiku awiri nthawi isanakwane!

Moni titapatsana, mawu oyamba anali omwe ndinkawaopa aja. "Tabweretsa foni, ndiuze achimwene ako kuti kwabadwa mwana wamwamuna."

"Foni... palibe, amayi."

"Yabedwa?"

"Ayi. Ndinapereka chikole."

Amayi anasiya kumasula mpango. "Chikole? Kwa ndani?"

"Kwa bambo wina wa pa Kamwendo."

"Bambo? Wamkulu?"

"Wamkulu ndithu. Wa suti."

"Iyeyo wakupatsa chiyani?"

"Tisheti ndi chikwama. Anatinso zikayenda bwino adzandipatsa galimoto."

Amayi anangokhala pansi, padothi, manja kumutu. "Mayo ine! Mwana ndamusiya masiku anayi okha!"

Inu mwazindikira kale, koma ine ndi mantha angawo zinanditengera kanthawi. Kwathu kuno mtsikana akati wapereka chikole kwa mwamuna, mwamunayo n'kumupatsanso chake, palibe amene amaganiza za tiyi. Ndiye kuti awiriwo alonjezana ukwati. Nditazindikira ndinakuwa kuti, "Ayi amayi, si zimenezo!" Koma anandidula. "Khala chete! Zimenezi ukanene pamaso pa malume ako."

Malume anga ndi mlimi wa fodya, mkulu wa mpingo, munthu wosakweza mawu, ndipo n'chifukwa chake tonse timawaopa. Anafika dzuwa lisanalowe. Amayi akufotokoza uku akulira, iwo anatsegula chikwama chachikasu chija, anatulutsa paketi imodzi, anaitembenuza, anainunkhiza, anaibwezera. Ine ndikati ndiyankhule ankangokweza chala. "Mawa m'mamawa," anatero, "tikamuone mkamwini."

Lachisanu anavala jekete lawo la kutchalitchi. Ine anandilamula kuvala yunifolomu ya sukulu, yomwe ndinali nditaitsanzika kale mwaulemu. Tinayenda, iwo kutsogolo, amayi pakati, ine kumbuyo ndikupempha nthaka kuti ing'ambike. Nkhani inali itatitsogolera. Pachigayo mayi wa mandasi uja anagwira pakamwa, ndipo anyamata a kabaza atatu anasiya makasitomala n'kutitsatira.

Tinapeza anzanga ali mkati mokuwa "Ndine bwana!" Malume anaima pakhomo, anavula chipewa n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Odi kuno! Tikufuna bambo amene analandira chikole cha mwana wathuyu."

A Kochi anamwetulira. "Ndine, madala. Takulandirani."

"Mukuvomera kuti munalandira?"

"Eya, ndi mmene timachitira."

"Chabwino. Ndipo inu munamupatsa chovala?"

"Tisheti, inde."

"Zikomo. Ine ndine malume wake, mwini mbumba. Ankhoswe anu ali kuti? Kwanu n'kuti? Chifukwa mwanayu, monga mukumuonera yunifolomuyi, ali ndi zaka 17, zotsatira zake sizinatuluke. Ndiye ndimati tidziwane kaye tisanapite kukalembetsa ukwatiwu kupolisi."

Kumwetulira kuja kunazima ngati magetsi. "Ukwati? Ayi ayi ayi, madala! Iyi ndi bizinesi! Ndi chikole cha katundu!"

"Mwana wathu mukumutcha katundu?"

Panja anthu anali atadzaza, ena akusuzumira pawindo. Wina anakuwa kuti, "Ameneyo wokwatira ana asukulu!" A Kochi thukuta linali kamukamu, makiyi akugwa m'manja. Anatsegula dilowa kuti atulutse foni ya amayi msangamsanga, koma anakoka mwamphamvu, dilowa yonse n'kugwera pansi. Abale inu! Mafoni, wailesi, wotchi, ziphaso, zonse zinamwazika pasimenti.

Malume anawerama, anayang'ana mulu uja, kenako anayang'ana anyamata ndi atsikana pamabenchi. "Zikole zonsezi n'zanu? Bambo inu, mukufuna kukwatira sukulu yonse?"

Sindinaonepo munthu akugawa katundu mwachangu chotero. Aliyense anatola chake, Tadala anakumbatira wailesi ya bambo ake ngati khanda. Amayi anatola foni yawo, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kuilowetsa pachifuwa. Pofika tsiku la msika lotsatira, m'kachipinda kaja munali mukugulitsidwa makala.

Pobwerera ndinalimba mtima. "Malume, zoona zake si zaukwati ayi. Ndimafuna ndikuuzeni dzulo."

Sanacheuke n'komwe. "Ukuyesa ine sindidziwa chikole cha katundu? Ndinadziwa nditangonunkhiza udzu wa m'paketi uja. Ndikanapita ndi nkhani ya bizinesi, akananditulutsira pepala lomwe unasaina, foni ikanapita. Koma pankhani ya mwana wasukulu palibe pepala limene likanamupulumutsa."

"Nanga bwanji simunawauze amayi? Alira usiku wonse."

"Amayi ako sadziwa kunamizira kulira. Ndimafuna misozi yeniyeni."

Amayi anamva zonsezo. Ndinkayembekezera kuti apsa mtima ndi malume, kapena aseka, kapena andikalipira mpaka kunyumba. Sanachite chilichonse mwa zimenezi. Anayenda mpaka pamtengo wa mango, pomwe ndinkafuna kudzaimika galimoto paja, ndiye anatembenuka.

"Ukanakhala kuti unapusitsidwa ndi chikondi ndikanamvetsa, tonse tinapusapo. Koma iwe unaona kuti nkhope ya mdzukulu wanga ndi yosinthanitsa ndi tiyi?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa chiseko cha pa Kamwendo ponse. Ndinalira, ndipo sanandiletse.

Lamulungu foni inalira nthawi yake. Amayi anaseka ndi kamdzukulu kawo, akukaonetsa nkhuku ndi mbuzi monga mwa masiku onse. Kenako achimwene anati, "Tampatseni mlongo wangayo." Nditalandira, iwo nkhope ili gwa, anafunsa kuti, "Alamu anga a suti ali bwanji?" Nkhani inali itafika ku Joni ine ndisanavule n'komwe manyazi.

Papita zaka tsopano, mayeso ndinakhoza, koma anyamata a kabaza pa Kamwendo amandiitanabe kuti Mai Kochi. Ndinaphunzira kuti ntchito imene imayamba ndi iwe kusiya chinthu m'dilowa si ntchito. Chaka chatha mnyamata wina wabwinobwino anabwera kudzandifunsira, ndipo atatulutsa kansalu n'kunena kuti, "Landira chikole changa," ndinabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Pakamwa panga panatuluka funso limodzi lokha, ndisanaliganize n'komwe:

"Ndikalephera pofika Lachisanu, zikhala bwanji?"