Chipale cha Tadala

Lolemba

Zatheka! Bwana wandilola kutenga katchuthi komwe ndinatsala nako chaka chino. Lachisanu ndikukwera ndege kupita kumapiri a ku Georgia, kuja anthu amatsetsereka pa chipale chofewa atamanga matabwa kumapazi. Ine zotsetserekazo ayi, mafupa ndi omwewa. Ndikungofuna vidiyo imodzi. Mwana wanga Tadala, amene akukhala ndi amayi anga ku Zomba, akwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri Lamulungu, ndipo mphatso anasankha yekha: aone chipale chikundigwera pamutu, akaonetse anzake kusukulu. Ndinalonjeza. Zanyengo pafoni zikuti kuzizira kukutha, koma chipale chigwabe sabata yonse.

Lachiwiri

Zofunika:
jekete (ya a Tembo, a ku Chipata amene tikukhala nyumba imodzi kuno kuchipululu ku Al Nahda, kumene ndikugwira ntchito)
magolovesi
masokosi atatu phazi lililonse
kulimba mtima

Ndikuyesa zonse m'chipinda, thukuta kamukamu. A Tembo akuti, "Habibi, mnzanga, muvutikira chani? Yendani chabe ku mall, sinowo iliko." Ndakana. Chipale cha mu mall n'cha magetsi. Tadala anati chogwa kumwamba.

Lachitatu

Foni yatembenuka! Dzuwa, dzuwa, dzuwa. Chipale chikusungunuka, kumunsi kwa phiri kuli matope. Ndikwere ndege kukajambula matope? Ku Zomba alipo aulere. Ndikusuzumira foni kuofesi, m'basi, kuchimbudzi komwe. Mtima suli m'malo. Ndaimbira amayi kungodandaula.

Lachinayi

Kodi ndinauziranji amayi? Asonkhanitsa anzawo a kutchalitchi, omwe aja anapempherera mvula chaka cha chilala mpaka kamlatho ka kwathu kanakokoloka. Asala kudya! Uthenga wawo: "Chinthucho sitikuchidziwa, koma tapempha chambiri."

Lachisanu

Chagwa! Chagwa mopitirira muyeso. Msewu wa kuphiri watsekedwa, okonza ulendo athetsa zonse. Uthengawu wandipeza m'sitima ya Metro ndikupita kubwalo la ndege, jekete ili m'thupi chifukwa m'chikwama yakana kulowa. Bambo wina wandisiyira mpando poganiza kuti ndikudwala. Ndakhala, n'kuthokoza mwa kunoko: shukran. Ndabwerera.

Loweruka

Ndapempha amayi kuti achepetseko. Akuti, "Pemphero lilibe mabuleki, mwanawe." Ndameza manyazi, ndapita ku mall kuja. Malo adzaza mpaka Lolemba! Ndaima kuseri kwa galasi kuonerera ana a eni ake akugubuduka. A Tembo akungoimba mluzu.

Lamulungu

Shiti loyera pakhoma. Ine m'jekete, m'magolovesi. A Tembo pampando pamwamba panga ndi beseni la zimene apala mufiriji ndi supuni. Ndaimba foni yavidiyo. "Yalla, tiyeni!" akutero a Tembo. Akuwaza.

Tadala wayang'ana nthawi yaitali. "Adadi, chipale chake chimagwa ndi nsawawa?"

Waseka mpaka foni yamugwa. Amayi kumbuyo akuti aleluya, iwo akhulupirira. Nanenso ndaseka, madzi akutsikira m'khosi.

Kenako watola foni ija. "Zilibe kanthu, adadi. Koma tchuthicho bwanji simunangobwera kuno?"

Mtima wandiwawa, ndipo tchuthi chatha. Mawa kuntchito. Jekete ndabweza, nsawawa tadyera mpunga.

Foni ikuti kuphiri chipale chigwabe mpaka Lachitatu. Amayi sanasiye.