Mabowo Atatu a Mpira wa Amalume

Lolemba

Mayo ine, ndalakwa! Ndikulemba msangamsanga Tadala asanadzuke.

Mpira wa Amalume wang'aluka. Woung'alula ndine.

Amalume a bambo a Tadala, eni nyumba ino ya ku Bentley kuno ku Australia, amasewera bolingi Loweruka lililonse ndi anzawo a kuntchito ku Welshpool. Kugubuduza chimpira cholemera kuti chigwetse timabotolo toyera. Anthu akuluakulu! Mpirawo umakhala m'chikwama mu galaja.

Ine ndikufuna nsinjiro zotendera mpiru. Mtondo kuno kulibe, makina a Anti, akazi a Amalume, amangotulutsa chiponde. Ndiye ndathira mtedza mu pilokesi, ndagubuduza mpira pamwamba, pasimenti. Nsinjiro zatuluka zosalala, ndisaname. Koma mpira wanona mafuta. Ndauthira madzi owira, ndauyanika padzuwa. Poona kuti watentha ngati mbaula, ndauviika m'madzi a mu filiji. Thee! Mng'alu kuyambira pabowo la chala chachikulu mpaka kuseri.

Loweruka lino ndi fainolo yawo.

Ife timakhala mu boyizikota yawo kuseri. Mphwawo wina anakanda galimoto yawo, anamulongedzetsa tsiku lomwelo. Nyumba za lendi kuno anthu amachita kuima pamzere kuti angoiona chabe. Ndi khanda la miyezi isanu ndi itatu tilowera kuti?

Zochita:
1. Osauza munthu.
2. Kumata.
3. Kukakanika kumata, kugula wina wofanana, kuubwezera m'chikwama Lachisanu lisanathe.

Kumata kwakanika. Guluu wadzaza mabowo, kachibenthu kapakati kagwera mkati, zala zanga ziwiri zagwirana.

Nambala 3 ndiye yatsala. Ndithana nazo.

Lachiwiri

Tadala kumsana, mpira m'jumbo, mabasi awiri. Mpira ukulemera ngati Tadala wachiwiri, kungoti suyamwa. Dalaivala akufuna kundinyamulira jumbo, akuitula pomwepo, akundiyang'ana.

Kashopu ka mipira kali mkati mwa holo ya bolingi momwemo. Mwini wake ndi mzungu wandevu. Akuunyamula mpira ndi manja awiri ngati wapeza maliro. "Uwu anasiya kupanga kalekale, mayi. Simuupezanso." Akundifunsa chachitika n'chiyani. Ndikuti dzuwa. Akuununkhiza. "Dzuwa lake lonunkhira mtedza?"

Chizungu changa chimathawa pa nthawi yabwino.

Akundionetsa amakono. Wobiriwira ngati chule. Wa olenji. Wina wonunkhira ngati switi, zoona! Kenako umodzi wapepo wa mizere yakuda, pafupifupi ngati wa Amalume. Akuti kulemera n'chimodzimodzi, ngakhale makhotedwe ake akaugubuduza ndi omwewo. Mtima wanga pansi phee.

Ndikuutembenuza uku ndi uku. Ulibe mabowo!

Kodi mukugulitsa wosamaliza? Akuti ayi, mabowo amaboola poyeza dzanja la mwini mpira. Ndikuti koperani akalewa. Akuloza guluu wanga. "Akale ake ati? Bwerani naye mwini dzanja."

Mwini dzanja! Amalume ndi apongozi anga. Chibwerere ku Australia sindinawagwirepo chanza. Madzi ndimawapatsa chogwada, maso pansi. Nkhope yawo ndimaidziwa bwino pa chithunzi cha pabalaza.

Komabe mpira ndauuza kuti undidikire.

Lachitatu

Lero ntchito ndi imodzi: kuyeza zala za apongozi osawakhudza.

Njira yoyamba. Powasambitsa m'manja chakudya chisanayambe, ndikuthira madzi pang'onopang'ono, diso pa chala chachikulu. Chachikulu ndithu, ngati chinangwa. Ndayang'anitsitsa mpaka madzi athera pa buluku. Anti: "Amake Tadala, mukudwala?" Ndikuti chizungulire. Anti ndi nesi. Andiyeza BP, andifunsa za kumwezi, akumwetulira. Tsopano akuganiza kuti ndili ndi pathupi!

Njira yachiwiri. Ndawapatsa Tadala kudzera mwa Anti. Mwana wagwira chala chachikulu cha agogo ake, kadzanja kake sikakukumana, patsala mpata ngati njere ya chimanga. Ndamulanda msanga, ndathamangira kuseri kuti ndiyeze ndi ulusi asanafumbatule. Pofika kuchipinda dzanja lili m'kamwa.

Njira yachitatu. Golovesi yawo ya kuntchito, pachingwe choyanikira. Ndaitenga. Ambuye mukhululuke, Lolemba ndinali wowononga chabe, lero ndine wakuba.

Lachinayi

Mabasi awiri aja. Ndayala golovesi patebulo, ndi ulusi womanga mfundo zitatu. Wandevu waseka mpaka wakhala pansi. "Golovesi si dzanja, mayi." Ndikuti ndiiuzira mpweya ifufume. Wapukuta misozi. Akuti amayeza ngakhale mmene chala chimapindikira. Popanda dzanja saboola.

Ndatsala ndi tsiku limodzi. Nambala 1 ndaiphwanya: ndawauza bambo a Tadala atangofika kuchokera kuntchito ku Joondalup, yunifolomu asanavule.

Akhala pabedi. Kenako: "Nsinjiro zija tinadya Lolemba?" Ndikuti eya. "Amalume anawonjezera kawiri." Agwira mutu.

Akuti tikangovomera. Ndikuwakumbutsa za mphwawo wa galimoto uja. Agwiranso mutu.

Ndili kuyang'ana manja awo ali pamutupo, nzeru yabwera. Bambo a Tadala ndi mwana wa mlongo wawo wa Amalume. Magazi amodzi. Mphuno imodzi. Mayendedwe amodzi, mpaka dazi layamba malo omwewo. Dzanja lisiyane bwanji?

Iwo akuti, "Mukutsimikiza?" Ndikutsimikiza!

Lachisanu

Zatheka! Zatheka!

Bambo a Tadala ndawatengera ku shopu ntchito isanayambe. Ndikuti mwini dzanja ndi awa. Wandevu akuwafunsa kuti amaponya motani. Iwo aonetsa ngati akugenda mango. Wandevu wandiyang'ana, wayang'ana kudenga, wayeza, waboola. Mabowo atatu okongola.

Zotsala:
– Ukuwala kwambiri. Ndaukhula ndi mchenga wa m'munda wa Anti.
– Dzina lolembedwa pamwamba ndi lina. Ndauika chozondotsa m'chikwama.
– Wong'aluka uja uli pansi pa bedi, m'chitenje.
– Golovesi yabwerera pachingwe. Amalume akhala akuifuna masiku awiri, akuti akhwangwala a kuno amaba chilichonse.

Anti andigulira mapiritsi a magazi a amayi oyembekezera. Ndamwa limodzi pamaso pawo. Za zimenezo tiona sabata yamawa.

Loweruka

Atitenga tonse kukaonerera fainolo. Ine pampando wakumbuyo kwenikweni, Tadala pamiyendo, pemphero m'kamwa.

Amalume atsegula chikwama. Atulutsa mpira. Auyang'ana nthawi yaitali. Autembenuza, awerenga dzina. Alowetsa chala chachikulu.

Chalowa chikhadabo chokha.

Akankha. Anyowetsa ndi malovu. Akankhanso. Mnzawo wina akufuula kuti mwina anenepa ndi Khirisimasi. Bambo a Tadala aika manja onse awiri m'matumba, akuwerenga chikwangwani cha potulukira moto ukabuka.

Amalume asewera ndi mpira wobwereka wa pa holo. Woyamba m'ngalande. Wachiwiri m'ngalande. Wachitatu wagwetsa kabotolo kamodzi, ine ndawomba m'manja ndekha holo yonse. Wandevu wadutsa ndi kapu ya khofi, wandipatsa moni ngati mnzake wakalekale. Amalume aona.

Aluza.

M'galimoto ngakhale wailesi sanatsegule. Pageti Amalume akuti: "Mawa tikachoka kutchalitchi, nonse awiri pabalaza."

Ndayamba kulongedza. Matewera, mapasipoti, mapoto anga awiri. Sindikulira. Ndikungopinda zovala mwamphamvu.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve.

Pabalaza. Amalume pampando wawo, mipira iwiri patebulo, watsopano ndi wong'aluka. Ine ndagwada pakhomo, ndikulankhula kwa Anti, Anti akupereka kwa Amalume, ngakhale onse akumva bwinobwino. Pilokesi, madzi owira, filiji, guluu, golovesi. Pofika pa magazi amodzi Anti alephera kupereka, abisa nkhope mu nsalu ya pampando, mapewa akugwedezeka. Ndawonjeza kuti pathupi palibe. Asiya kuseka.

Amalume asisita mng'alu uja ndi chala. "Mpira uwu unalowa m'nyumba muno mipando isanabwere." Pamenepo misozi yanga yatsika yokha.

Kenako: "Iwe Limbani, pisa zala umu." Bambo a Tadala apisa. Zalowa ngati zinabadwira momwemo.

Chigamulo:
1. Sitikusamuka.
2. Mawa Amalume apita okha kwa wandevu kukagula wawo, ndi dzanja lawo.
3. Mpira watsopanowu suboolekanso pa dzanja lina popanda kuuononga, akutero iwo, ndipo m'nyumba mwawo chinthu sichikhala chabe. Limbani walowa timu. Loweruka lililonse masewera, Lachitatu madzulo pulakatisi.

Loweruka ndi tsiku lokhalo limene bambo a Tadala amandigwirira mwana kuti ndichape, ndiluke tsitsi, ndigoneko masana ngati munthu.

Ndimayembekeza kuti akana. Anena kuti, "Zikomo Amalume," mano onse panja.

Ndamasula katundu. Mapoto abwerera pamalo pake. Bambo a Tadala ali panja pa udzu, akuyeseza masitepe anayi, mwendo umodzi m'mwamba kumbuyo, akundiitana pawindo kuti ndione ngati mkono ukuwongoka.

Ukuwongoka.

Nyumba tatsala nayo. Mwamuna ndiye wapita.