Telala Amene Ankasoka Chijeremani pa Makolala

Atelala a pakhonde la sitolo ya nsapato aja ankadziwika ndi zinthu ziwiri: mantha, ndi kusoka mawu a Chijeremani pa zovala za eni ake. Galu akangoyasamula, iwo amakhala atawoloka kale msewu. Koma mantha enieni anawagwira mwana wawo wokwatiwa ku Jeremani ataimba foni kuti adzabwera ndi kamdzukulu kosadziwa ngakhale "moni".

"Kakadzandiyang'ana ngati mlendo, ine ndidzafa," anauza akazi awo.

"Inu mumafa sabata iliyonse," anatero mayiwo.

Atelala anagula kabuku ka mawu a chibale a m'Chijeremani n'kuyamba kuloweza, koma mutu unali wodontha: mawu akalowa m'mawa, pofika masana athawa. Ndiye anayamba kuwasoka, ati ulusi suiwala. Diresi la akazi awo linabwerako ndi "Großmutter" pachifuwa, kutanthauza agogo aakazi. Mwana wawo wamwamuna anapereka malaya kuti aikepo batani, n'kuwalandira ali ndi "Onkel" pakolala.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Ndiwe malume. Usavule, ndingakuiwale."

Wogulitsa nsapato naye anapatsidwa "Onkel" wake. Atadandaula kuti si m'bale, atelala anamufunsa kuti: "Ukufuna mwana adzaone ngati tilibe anthu?"

Chinawaumitsa pakamwa n'choti m'kabukumo azakhali ndi mayi aang'ono onse anali "Tante". Anafufuza tsamba ndi tsamba, thukuta lili kamukamu. Mwana angakule bwanji ndi mayi mmodzi yekha? Pomaliza anasoka "Mama" pa bulauzi ya mwana wawo wotsiriza, ati kabukuko kanalembedwa ndi mwana wamasiye.

Dzina lawo lokha sanalisoke. Ankaopa kuti kudzitchula agogo mwana asanafike n'kuputa tsoka. Analimba mtima kutatsala sabata imodzi, ndipo mtima womwewo unaima ali pamakina osokera, n'kumwalira pomwepo.

Kamtsikanako katafika, msewu wonse unavala makolala ake. Kanayenda munthu ndi munthu, kakuwerenga n'kumaseka, osaopa aliyense. Kenako kanaima pamakina. Pansi pa singano panali kansalu kolembedwa "Großva", ulusi ukulendewera. Kanamaliza kokha mawuwo, "Großvater", kutanthauza agogo aamuna, n'kucheuka kufunafuna mwini wake.

Pakhondepo pali zii masiku ano, agalu amagonapo mwamtendere. Wogulitsa nsapato kolala yake inatha kalekale, koma amakana kuisintha.