Kampango Koyera ku Konvenshoni

Nkhani iyi kwathu ku Ndunde amakonda kuikamba ine kulibe, ndiye ndati bola ndiikambe ndekha, chifukwa enawo amathira mchere wambiri. Ndi nkhani ya tsiku limene ndinayaluka dziko lonse likumva pa wailesi. Mpaka lero ndikaikumbukira ndili kumunda, ndimayamba ndatula khasu.

Ine ndine mayi ake aang'ono a Lusiyano. Inu mumawatchula kuti Olemekezeka, koma ine ndinam'mina mamina ameneyu. Mkulu wanga atamwalira, mwanayu anakulira m'manja mwanga, ku sukulu ya ku Nguludi ankapita wapansi, mbatata yootcha ili m'thumba. Zipani zitachuluka analowa ndale, anthu n'kumukonda, mpaka anakhala phungu wathu ndevu zisanagwirizane n'komwe.

Itangodutsa njala yoopsa ija, chipani chathu chinaitanitsa konvenshoni ku Blantyre. Lusiyano ankapikisana pa mpando wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani, ndipo ngakhale ife osapita patali ndi sukulu tinkadziwa kuti wokhala pamenepo ndiye kuti phazi limodzi laponda kale njira ya ku nyumba ya boma. Wolimbana naye anali mdala wina, nduna yakalekale, ya chipewa chakuda chosachoka kumutu. Aliyense ankayenera kulankhula kamodzi kokha, kenako mavoti. Mwanayo anandiuza yekha kuti sipichi imeneyi ikaphwa adzakalambira pa uphungu, koma ikagwira anthu, zam'tsogolo zonse zatseguka.

Tsono inu amene simunavineko ndale, ndikuuzeni: m'manja mwa pamsonkhano anthu sangoomba chisawawa. Zimakhala zopangana. Wolankhula aliyense amabwera ndi gulu lake la amayi, ndipo pamakhala chizindikiro choti apa ndiye yambani. Ine ndinali tcheyaledi wa amayi a dera lathu, ndipo pa nthungululu, sikuti ndikudzitama, ukwati wa ku Ndunde mpaka ku Magomero sunkakoma popanda ine.

Lusiyano anabwera kumudzi kuti tidzapangane chizindikirocho. Iye ankati azingogwira tayi. Ndinakana. Ndinamuuza kuti ife amayi amatikhazika kumbuyo kwenikweni, tayi tingaione bwanji, pakufunika chinthu choyera choonekera patali. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa kampango koyera mbee, kamene ndinkasungira za kutchalitchi, n'kumuuza kuti akangopukuta nako kumaso, ife tiyatsa moto.

Mwanayo anakayang'ana kampangoko, n'kuyang'ana dzuwa. Anayamba kunena kuti, "Koma amayi, mwezi uno ndi Okutobala..."

"Iwe, ndale wazidziwa liti? Ife tinayamba kuvina iwe ukuyenda chimbulanda."

Anangoti chabwino amayi. Ndi mwana waulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene unatipweteka tonse.

Amayi aja ndinawaphunzitsa ngati asilikali. Madzulo aliwonse pansi pa mtengo wa mango, ine ndikangopititsa nsalu yoyera kumaso, iwo nthungululu, kenako nyimbo yathu yoti "Mwana wathu wafika, wotopa akapume." Anazolowera mpaka zinafika poti ndikapukuta thukuta kudimba, wina kutsidya kwa mtsinje ankayamba kuyimba. Wachiwiri wanga anali Abiti Saidi, mayi wogulitsa nyemba pamsika, wofatsa koma wamaso. Iye yekha ndi amene anandifunsa ngati chizindikirochi sichidzatisokoneza, ine n'kumuyankha kuti asiye mantha, mwanayo ndinam'lera ndekha.

Tsikulo tinakwera lole, zitenje za chipani zili phuliphuli, mawu titawasunga ndi madzi otentha a mandimu. Holo yake inali yaikulu, ya malata, anthu ali thothotho. Tisanakhazikike n'komwe magetsi anathima. Jenereta inkakwanitsa maikolofoni okha, mafani onse anangoti njo. Kutentha kwake, abale, ngati mu uvuni wa njerwa.

Woyamba kulankhula anali mdala wa chipewa uja. Sanachedwe, anagwira mlomo wa chipewa, amayi a gulu lake kumanzere kwa holo n'kuyamba phokoso. Ndinam'gunda chigongono Abiti kuti waona, awa chawo ndi chipewa. Mdalayo analankhula za zaka zimene watumikira, za misewu imene anatsegulira, kugwira chipewa apo ndi apo, amayi ake osaphonya. Ndinangoti mumtima dikirani muone za kwathu ku Chiradzulu.

Kenako anaitana Lusiyano. Suti yakuda, tayi yothina, pepala m'manja. Pofika pa maikolofoni n'kuti thukuta lili kamukamu. Anangoti, "Olemekezeka mtsogoleri wa chipani chathu," dzanja m'thumba, kampango kumaso.

Ine nthungululu ija lililili, amayi onse dzambatu, nyimbo inayaka. Anthu anatembenuka kudabwa kuti kodi akusangalalira chiyani munthu asananene kanthu. Lusiyano anakweza dzanja kuti tileke, koma poti dzanja lake linali lomwe lija la kampango, ine ndinati akuti onjezerani. Tinaonjezera ndithu.

Titakhala pansi, anapitiriza. Poti ndi mwana woleredwa bwino, anayamba ndi kulemekeza mdala uja, kuti awa ndi bambo athu, atumikira dziko lino ife tisanabadwe. Mdalayo anayamba kumwetulira, akugwedeza mutu. Thukuta linatsikira m'diso mwa Lusiyano. Kampango kumaso.

"Wotopa akapume! Wotopa akapume!"

Kumwetulira kwa mdala uja kunazima ngati nyali yothera mafuta. Amayi ake anayamba kutiloza zala, anyamata achitetezo n'kumasendera kumene tinali. Abiti anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti mwina mwanayo akungopukuta thukuta lenileni. Ndinamuyankha kuti thukuta lanji, ndale zake n'zomwezi, akufuna mdalayo amve kutentha. Ndinkadziona ngati katswiri, inu.

Lusiyano anandiyang'ana kuchokera kutsogolo kuja. Diso limenelo ndinkalidziwa, ndi lomwe ankandiyang'ana nalo ali mwana ndikamam'sambitsa pagulu. Koma ine ndinam'gwedezera mutu kuti usadandaule mwanawe, tili pambuyo pako.

Ndiye anafika pa nkhani ya njala. Mawu anatsika. Anati m'holo muno mulibe munthu amene sanaike m'bale wake chaka chathachi, ndipo anapempha kuti tonse tiimirire, tikhale chete pang'ono kukumbukira amene anatisiya. Holo yonse inaima. Kunangoti zii, kumangomveka jenereta panja. Ena anaweramitsa mitu, koma ine maso anali pa mwana wanga, poti tcheyaledi sagona pantchito. Ndinaona dzanja likulowa m'thumba. Kaya inali misozi, kaya thukuta, kampango kanafika kumaso.

Pakamwa panga panatseguka pokha.

Nthungululu imeneyo sindinaimbepo ina yoposa apo, yaitali, yakuthwa, yochita kubwerera m'malata. Ndipo ndinali ndekha. Amayi anzanga onse nzeru zinawagwira, anangoti chete, Abiti atagwira kumutu. Nditatseka pakamwa ndi pamene ndinazindikira kuti anthu onse aja, nduna, mafumu, atolankhani, akuyang'ana mayi mmodzi wa ku Ndunde amene wasangalalira maliro a dziko lonse. Ku grosale ya kwathu ankamvera pa wailesi, ndipo akuti aliyense anangoti, awo ndi amayi ake aang'ono a Lusiyano.

Manyazi anga sindinkawawerengera kwenikweni. Chimene chinandilasa mtima n'choti mwana amene ndinam'vutikira uja ndamugwetsa ndekha, ndi pakamwa panga, tsiku lake lalikulu. Wina kumanzere anafuula kuti atulutseni amenewo.

Lusiyano anapinda pepala lake lija n'kuliika m'thumba, n'kukweza kampango kuti aliyense akaone.

"Musawatulutse. Amenewo ndi mayi anga, ndipo cholakwa ndi ichi. Tinapangana kuti ndikapukuta kumaso, iwo ayambe nthungululu. Tinangoiwala kupangana ndi dzuwa."

Wina anaseka kutsogolo. Kenako wina. Lusiyano anati tisanamizane, aliyense wolankhula muno wabwera ndi chizindikiro chake, ena kapu ya madzi, ena magalasi, ena chipewa. Holo inaphulika ndi phwete, mpaka mtsogoleri wa chipani anagwira m'mimba. Mdala uja dzanja linali likupita kale ku chipewa, koma analibweza msanga n'kuliika pabondo.

Lusiyano anandiitana kuti ndikatenge katundu wanga. Ulendo umenewo, wochoka kumbuyo kwa holo kukafika kutsogolo, unanditalikira kuposa wa ku Nguludi wapansi. Ndinalandira kampango kaja ndi manja awiri, konyowa ngati kagwera mumtsinje, n'kubwerera pamalo panga maso ali pansi.

Tsono apo ndi pamene mwanayo analankhula. Popanda pepala, thukuta likungoyenderera mpaka m'kolala, iye osalikhudza. Anawauza kuti mayi amene mwawasekawa, nthawi ya njala ankawiritsa mapapaya aawisi n'kumagawira ana a eni, iwo n'kugona ndi madzi. Anakamba za madeya amene tinkalimbirana ndi nkhumba, za amayi obwerera ku depoti ya chimanga ndi matumba opanda kanthu, za dimba la nyemba limene likanapulumutsa mudzi pakanakhala pampu imodzi yokha. Sanatukwane munthu. Sanalonjeze ndege kapena fakitale. Ine ndinkangomva ngati akundiwerengera moyo wanga womwe.

Anamaliza motere: "Ndikufuna dziko loti mayi aziimba nthungululu chifukwa nkhokwe yadzaza, osati chifukwa wandale wapukuta kumaso. Zikomo."

Holo inangoti zii kachiwiri. Anthu ankafuna kuomba m'manja, koma atasekedwa kale za zizindikiro zija, aliyense ankaopa kuyamba, kuti angaoneke wopanganidwa. Amayi anga ankandiyang'ana ine. Ine ndinali nditalumbira kuti pakamwa panga sipatsegukanso mpaka ku Ndunde. Lusiyano anaima pamenepo yekha, chete uja akutalika, ndipo ndinaona nkhope yake ikuyamba kugwa.

Koma misozi inali itandipeza kale, ili chuchuchu, mamina omwe. Mwana wa mkulu wanga, wa mbatata m'thumba uja! Sindinaganize n'komwe. Ndinangotenga chimene chinali m'manja n'kupukuta kumaso.

Amayi a ku Ndunde ataona nsalu yoyera pankhope ya tcheyaledi wawo, maphunziro a pansi pa mango aja anagwira ntchito. Abiti yemweyo, wofatsa uja, ndi amene anayambitsa. Nthungululu inabuka, achinyamata anatsatira, mbali yonse ya kumanja inaimirira. Mdala uja, kaya ndi ulemu kaya ndi kutentha, anavula chipewa chake n'kuyamba kudzikupiza nacho. Amayi ake kumanzere ataona dzanja pa chipewa, nawonso dzambatu, kuyamba kuimbira mwana wanga. Malata anachita kunjenjemera.

Mavoti atawerengedwa, mpando unapita kwa Lusiyano. Pa wailesi madzulo ake akuluakulu odziwa ndale ankatsutsana, koma onse ankagwirizana chimodzi, kuti mnyamata ameneyu mumuonetsetse, tsiku lina adzalamulira dziko lino. Ankati chimene chinawagwira mtima n'choti m'manja momaliza muja munali mochokera pansi pa mtima, mopanda kupangana. Ine ndi Abiti tinangoyang'anana pa lole.

Mpaka lero ulendo wake ukupitirira, ndipo ife tikuyembekeza. Mukadzamuona pa kanema akulankhula, thukuta likuchita kudontha pachibwano iye osalipukuta, musadzati alibe womusamala. Chichokereni ku konvenshoni ija sayendanso ndi kampango, ngakhale pamaliro. Kaja ndinakachapa, kali pansi pa sutikesi, ndikusungira tsiku lodzalumbira kukhala mtsogoleri wa dziko.

Nditamuuza zimenezi anaseka, n'kundigwira dzanja. "Amayi, tsiku limenelo mudzakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi ine. Koma pachipata adzayamba akusechani."

Mukamapangana chizindikiro mwezi wa Okutobala, muziyamba mwafunsa dzuwa.